Kodi X-ray ya pachifuwa ingaonetse kuti mtima ukugunda mosokonekera?

Wina wandilembera imelo kuti: "Mayi anga a zaka 58 amati mtima umawathamanga, nthawi zina ngati ukudumpha. Anawajambula X-ray pachifuwa, akuti ili bwino. Koma adokotala ena akukayikira atrial fibrillation. Zingatheke, pomwe chithunzi chilibe vuto?"

Zimatheka ndithu, m'bale wanga. X-ray imaonetsa maonekedwe a mtima, siionetsa kagundidwe kake. Matenda a atrial fibrillation ndi a magetsi a mumtima: zipinda ziwiri zam'mwamba zimangonjenjemera m'malo mofinya magazi mwadongosolo. Chotsimikizira ndi ECG, mawaya aja amamata pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Papepala lake timafunde totchedwa P sitioneka, ndipo mipata ya kugunda siifanana. Poti kwa ena vutoli limabwera n'kupita, ECG imodzi ikhoza kuliphonya. Apo adokotala amabwereza, kapena amamuveka wodwala kamakina ka Holter, kojambula kagundidwe ka mtima, kwa maola 24.

X-ray ili nayo ntchito yake. Imaonetsa ngati mtima wakula kupitirira theka la m'lifupi mwa chifuwa, ngati m'mapapo mwalowa madzi, kapena ngati pali chibayo, chomwe chimatha kuyambitsa kusokonekeraku.

Koma chimene ndikufuna mukaumirire, ECG ikatsimikiza, ndi echo, sikani ya mtima. Kuno kwathu anthu ambiri ali ndi mavavu (tizitseko ta mumtima) oonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali ana. Vavu yotchedwa mitral ikapanikizika, chipinda chakumanzere cham'mwamba chimafufuma, magazi amachedwamo n'kuundana, ndipo kachibuluma kakathothoka kamakatseka mtsempha wa mu ubongo. Ndiye sitiroko imeneyo. Atrial fibrillation imachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu.

Echo imathandizanso posankha mankhwala oletsa magazi kuundana. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, yemwe mayiko a mu Africa anachita nawo, anapeza kuti kwa odwala atrial fibrillation omwe ali ndi mavavu oterewa warfarin amateteza moyo kuposa rivaroxaban. Kungoti warfarin amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, kuyeza kwa INR koona liwiro lomwe magazi akuundanira. Aspirin yekha sakwanira, ndipo zimandiwawa kuti ambiri amangodalira iyeyo.

Mukapita nawo kuchipatala, funsaninso za BP ndi kuyeza chithokomiro. Ndipo mayi akapindika kukamwa, kufooka dzanja kapena kulephera kulankhula bwino, musadikire kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.