Kuwala kwa OLED kumasowera kuti? Yankho la imelo

M'bale wina amene akuphunzira zamagetsi wanditumizira imelo. Akuti pena amawerenga kuti ma OLED amakono (timiyalo topyapyala toyalidwa pa galasi, timene timawala tikalandira magetsi) amabala kuwala pa elekitironi pafupifupi iliyonse yolowa, pena akupeza kuti kuwala kotuluka ndi 20 peresenti yokha, ndiye wabodza ndani? Akufunsanso ngati kumata timalenzi kunja kwa galasi sikungathetse vutoli.

Achimwene, palibe wabodza apa, manambalawo akuyeza zinthu ziwiri zosiyana. Yoyambayo ikukamba za mkati. Ching Tang ndi Steven Van Slyke atapanga OLED yawo ku Kodak mu 1987, zipangizo za nthawiyo zinkatha kuwalitsa gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a ma elekitironi olowa, atatu enawo ankangosanduka kutentha. Mu 1998 gulu la Stephen Forrest ndi Mark Thompson linabwera ndi zipangizo za phosphorescent, zimene zimawalitsanso magawo atatu otayika aja, zokhala ndi zitsulo zolemera ngati platinum, kenako iridium, ndiye mkatimo zinthu zinalongosoka, kupatula mtundu wa buluu womwe mpaka pano ukupweteketsabe anthu mutu.

Kuwala kukupangidwa ndithu, koma kukukanika kutuluka. Nkhani yagona pa refractive index, nambala yoonetsa mmene chinthu chimakhotetsera kuwala kodutsamo. Timiyalo timene timawala tili ndi index ya 1.7 kapena 1.8, ITO, muyalo woonekera ngati galasi womwe umadutsitsa magetsi, uli chapomwepo kapena kuposerako pang'ono, galasi 1.5, mpweya 1.0. Kuwala kukamachoka pa index yaikulu kupita pa yaing'ono, kukafika mopendekeka kwambiri sikudutsa ayi, kumabwerera mkati. Ngati munamirapo m'madzi n'kuyang'ana m'mwamba mukudziwa kale, pamutu panu pokha ndi pomwe mumaona kunja koma cha m'mbali madzi amangooneka ngati kalilole. Pakati pa galasi ndi mpweya malire ake ndi madigiri pafupifupi 42 kuchokera pa mzere wolunjika kunja. Pali kasamu kachidule kopezera gawo la kuwala kotuluka, 1/(2n²), pomwe n ndi index ya muyalo wowala, mukaikapo 1.7 mupeza 17 peresenti, ndiye mwaona komwe 20 uja akuchokera.

Kotsalako kumakodwa malo atatu. Kwina kumangoyendayenda m'galasi mpaka kukatulukira m'mphepete, kwina kumatsekeredwa m'timiyalo towala ndi ITO, ndipo kwina kumamezedwa ndi chitsulo chakumbuyo, aluminiyamu kapena siliva, kudzera mu ma surface plasmon (timafunde ta ma elekitironi pamwamba pa chitsulocho), n'kusanduka kutentha basi.

Tsono timalenzi tanu tija. Timathandiza, osakana. Mu 2002 Möller ndi Forrest anaonetsa kuti ma microlens omatidwa kunja amachulukitsa kuwala kotuluka pafupifupi ka 1.5. Koma taonani, timangopulumutsa kuwala kumene kwafika kale m'galasi, kumene kwakodwa mkatikati kuja sitikukhudza n'komwe, ndiye 20 akhoza kufika cha m'ma 30 n'kuima pomwepo.

Kuti mupite patali muyenera kulowa mkati, ndipo uku ndiye kovuta. Ena amaika muyalo womwaza kuwala pakati pa galasi ndi ITO, koma timiyalo ta OLED tonse pamodzi ndi ma nanomita 100 kapena 200 chabe, pansi pakangokhala pokhakhala pang'ono magetsi amadutsa chidule, chipangizo chafa, ndiye muyenera kusalazanso pamwamba pake ndipo mtengo ukukwera apo. Ena amagwiritsa ntchito galasi la index yaikulu, nalonso lodula. Za chitsulo zija, njira yake ndi kutalikitsa muyalo wowala ndi chitsulocho, koma muyalo wapakati ukakhuthala voteji imakwera pokhapokha mutauthira zoonjezera zoti uzidutsitsa magetsi bwino.

Ine njira imene imandisangalatsa ndi yogoneka mamolekyu. Molekyu simwaza kuwala mofanana mbali zonse, kochuluka kumapita cha m'mbali mwake osati kunsonga zake. Ikaimirira, kuwala kumatsata timiyalo ndipo chitsulo chimameza kochuluka, koma ikagona chafufumimba kumalunjika kunja. Ndi njira imeneyi anthu apitirira 30 peresenti popanda lenzi ngakhale imodzi, fakitale osaonjezera sitepe ina iliyonse, mwangosankha molekyu yoyenera. Kwa ine imeneyi ndiye nzeru.

Simunanene ngati mukuganiza za nyale kapena sikirini, ndipo kusiyana kulipo kwakukulu. Pa nyale mwazani kuwala mmene mungathere palibe adandaule. Pa sikirini mukatero kuwala kwa pixel (kadontho ka chithunzi) ina kumalowerera kwa inzake, zithunzi n'kuchita chimbuuzi. N'chifukwa chake mafoni ambiri amatulutsira kuwala pamwamba, pogwiritsa ntchito microcavity, kuwala kumagundagunda pakati pa timiyalo tiwiri tachitsulo n'kutuluka molunjika, kuipa kwake mukapendeketsa foni zoyera zimasintha mtundu pang'ono. Palinso polarizer yoletsa kunyezimira, yomwe payokha imadya kupitirira theka la kuwala kumene kwavutikira kutuluka. Samsung anaichotsa pa Galaxy Z Fold3 mu 2021 n'kuika zosefera mitundu, pomwe LG anaika timalenzi mkati mwa panelo ya TV yawo ya G3 mu 2023. Makampaniwa sakufuna kuwala kokha ayi, kuwala kukamatuluka kochuluka mumathira magetsi ochepa, batire imakhalitsa ndipo ma pixel sakalamba msanga.

Ngati mukayesere izi ku labu, musayeze kuwala kutsogolo kokha. Microcavity kapena lenzi zimatha kungokusonkhanitsa kutsogolo inu n'kumasangalala kuti kwachuluka, chonsecho mwangokusuntha. Yezani ndi integrating sphere, chipangizo chobulungira chosonkhanitsa kuwala kwa mbali zonse, kapena pa ma engo osiyanasiyana, ndipo m'mphepete mwa galasi muphimbe kuti kuwala kothawira kumeneko kusalowe m'mawerengero anu.