Kodi Munthu Wakhungu Lakuda Angadwale Rosacea?

Mayi ena a zaka za m'ma 30 anditumizira imelo yofotokoza kuti masaya ndi mphuno zimawatentha ngati ayandikira moto, ndipo pamatuluka tiziphuphu tosatherapo. Mafuta amene anagula pamsika amatichotsa kwa masiku ochepa, koma akangosiya kudzola timabweranso mwamphamvu. Iwo akuganiza kuti mwina ndi matenda a khungu la kunkhope otchedwa rosacea, koma mnzawo anawauza kuti amenewo ndi matenda a azungu okha. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, si zoona. Rosacea imapezekadi kwambiri mwa anthu akhungu loyera, koma anthu akuda nawonso imawagwira, ndipo ambiri amakhala nayo zaka osaidziwa chifukwa chizindikiro chimene madokotala amathamangira kuyang'ana ndi kufiira kwa nkhope. Pakhungu lathu kufiirako sikuoneka bwino: malowo amangoderapo kuposa khungu lozungulira, amamveka ofunda mukawakhudza, ndipo amabaya kapena kuwawa mukadzola mafuta amene kale sankakuvutani.

Matendawa ndi okhalitsa, nthawi zambiri amayamba munthu akapitirira zaka 30, ndipo amakonda pakati pa nkhope, ndiko kuti masaya, mphuno, chibwano ndi chipumi. Timitsempha ta magazi ta pamenepo timafutukuka msanga ndipo khungu limatupa ngakhale palibe chifukwa chachikulu. Chimene chimayambitsa sichinadziwike chonse, koma kutengera kumtundu kumathandizirapo, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex, timene timakhala pakhungu la pafupifupi munthu aliyense, timachuluka mwa odwalawa. Si matenda opatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha uve. Kusiyana kwake ndi ziphuphu za achinyamata n'kwakuti pa rosacea sipakhala timadontho takuda totseka timabowo ta khungu.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mafuta a pamsikawo. Zodzola zambiri zoyeretsa khungu zimakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, ndipo nthawi zina sizilembedwa n'komwe pabotolo. Mankhwalawa amazimitsa kutupa mwachangu, n'chifukwa chake munthu amaganiza kuti wapeza yankho, koma pang'onopang'ono amapyapyalitsa khungu, kuonetsa timitsempha poyera ndi kukulitsa rosacea, mwinanso kuyambitsa zotupa zofanana nayo mwa munthu amene analibe. Zimene mukuona mukasiya kudzola n'zimene mankhwalawa amachita. Mukawaleka, nkhope idzayamba yaipiratu kwa milungu ingapo isanakhazikike, ndipo ambiri amabwerera ku botolo pa nthawi yomweyi. Tengani botololo mupite nalo kuchipatala kuti akuthandizeni kusiya mwadongosolo.

Pali chifukwa china chimene ndikukulimbikitsirani kuonana ndi dokotala wa khungu m'malo modziyeza nokha pa intaneti. Matenda a lupus, amene amachititsa chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi thupi lomwelo ndipo amagwira kwambiri akazi akuda, amathanso kutulutsa zidzolo pamasaya ndi pamphuno zimene zimakula ndi dzuwa, koma iwo amatha kuwononga impso. Ngati mumamvanso kuwawa m'malo olumikizirana mafupa, kutopa kosatha, zilonda m'kamwa kapena tsitsi likuthothoka, mukanene zonsezi osabisa.

Akapeza kuti ndi rosacea, mankhwala alipo. Satha matendawo mpaka kalekale, koma amawagonetsa bwino ndithu. Opaka ndi monga metronidazole, azelaic acid ndi ivermectin, ndipo tiziphuphu tikachuluka amawonjezera doxycycline wakumwa, amene woyembekezera sayenera kumwa. Pamafunika kudekha, chifukwa kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 12.

Mbali yotsalayo ili m'manja mwanu. Zodzutsa matendawa zimasiyana munthu ndi munthu, koma zodziwika ndi dzuwa, kutentha, tiyi wamoto, tsabola, mowa ndi nkhawa. Kwa mayi amene amaphika pa mbaula tsiku ndi tsiku, kuweramira makala oyaka n'kokwanira kuyatsa nkhope, choncho ndi bwino kukhala patali pang'ono ndi moto ndi kuphikira pamalo opita mphepo. Lembani m'kope zimene munadya kapena kuchita tsiku limene nkhope yavuta, kuti musadzimane zakudya zosalakwa. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, osakhula ndi chinkhupule, ndipo musapake mandimu. Mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo pabotolo, pamodzi ndi chipewa chotambalala, n'zofunika ngakhale kwa ife akuda.

Simunatchule za maso, koma rosacea imafikanso kumeneko. Ngati amauma, kufiira, kumveka ngati mwalowa mchenga, kapena zikope zimatupa kawirikawiri, mukamuuze dokotala tsiku lomwelo. Maso akayamba kupweteka, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani kuchipatala mwamsanga.