Riesling satsekemera yense ayi

Mwafunsa ngati vinyo wa Riesling amakhala wotsekemera nthawi zonse. Ayi ndithu, akulu.

Mphesa za Riesling, zomwe amapangira vinyoyu, zimakonda malo ozizira, monga m'mapiri otsetsereka a m'mbali mwa mtsinje wa Mosel ku Germany. Kumeneko zimapsa pang'onopang'ono, ndiye zimakhala zowawasa kwambiri. Opanga ena amasiyamo dala kashuga kuti kuwawasako kusalume lilime, ndipo vinyo wotereyu mphamvu yake imangofika 8% kapena 9% basi. Mukafuna wosatsekemera, fufuzani mawu a Chijeremani akuti trocken (kutanthauza wosatsekemera) pabotolo, apo ayi tengani wa ku Alsace, ku France, yemwe kawirikawiri shuga mulibe.

Riesling akakhalitsa zaka m'botolo amayamba kumveka kafungo ka petulo. Musamutaye poganiza kuti wawonongeka. Kwa ine apo m'pamene wafika pokoma.