Kodi dziko lapansi tingalisunthe kuti litalikirane ndi dzuwa?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, akuti: "Ndamva kuti dzuwa likuwonjezera kutentha. Bwanji osamangirira maroketi padzikoli n'kulikankha lithawe dzuwalo?"

Zotenthazo n'zoona, akulu. Kuwala kwa dzuwa kumakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa zaka 1 biliyoni zilizonse. Koma pa kakankhidweko mwaphonya mbali. Dziko silinangokhala duu. Likuthamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni. Mukalikankha molunjika kunja, njira yake imangopindika: mbali ina litalikira, koma likazungulira mbali inayo liyandikira dzuwa kuposa kale. Mwapsa nalo.

Kukankha koyenera n'kwa kutsogolo, komwe likupita kale. Injiniya wa ku Germany, Walter Hohmann, anafotokoza zimenezi mu 1925: mukankhe koyamba kuti likwere, likafika patali penipeni mukankhenso kuti njira ikhale yozungulira bwino. Chodabwitsa n'chakuti mwaliwonjezera liwiro kawiri konse, koma likafika uko limayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi poyamba. Mars, dziko lina lozungulira dzuwa lomwe lili pa makilomita 228 miliyoni kuchokera ku dzuwalo, amayenda makilomita 24 okha pa sekondi. Mphamvu mwaikayo yathera pokwera, ngati njinga pachitunda.

Za maroketi iwalani. Kulemera kwa dziko ndi matani 6 otsatana ndi maziro 21, mafuta ake mungawatenge kuti?

Maganizo omwe ine ndimawaona anzeru anachokera kwa asayansi atatu, Korycansky, Laughlin ndi Adams, mu 2001. Anati titenge chimwala cha mumlengalenga chotalika makilomita pafupifupi 100, tizichidutsitsa kutsogolo kwa dziko. Mphamvu yake yokoka ikoka dziko pang'ono, icho n'kutaya liwiro. Kenako chipite kwa Jupiter, dziko lalikulu kuposa onse ozungulira dzuwa, chikatapeko mphamvu ina, monga chinachitira chombo cha Voyager 2, n'kubweranso patatha zaka pafupifupi 6,000. Maulendo otere akufunika okwana pafupifupi 1 miliyoni kuti dziko lifike cha kumene kuli Mars.

Pamapepala zikutheka. Chondiopsa n'chakuti chimwalacho chizidutsa pafupi kwambiri, ndipo kulakwitsa masamu kamodzi kokha ndiye kuti chatigwera. Chimwala chomwe chinathetsa madayinoso zaka 66 miliyoni zapitazo chinali cha makilomita pafupifupi 10 basi. Mwezinso ungathe kusokonekera njira, mwina kutithawa kumene.

Pakadali pano dziko likusuntha lokha, chifukwa dzuwa likupepuka potaya matani oposa 4 miliyoni pa sekondi. Tikutalikira ndi sentimita imodzi ndi theka pachaka, zomwe sizingapikisane ndi kutentha kukubwerako.