Ine 1.75, mnzanga 3.75: walakwa ndani?

Funso: Aphunzitsi, tikuyerekeza kukula kwa malo apansi pa mzere wokhota wa y = x², kuyambira 0 mpaka 2. Ndi marekitango anayi ndapeza 1.75, mnzanga 3.75. Walakwa ndani?

Yankho: Palibe walakwa, mwanawe. Iwe unayeza msinkhu kumanzere kwa rekitango iliyonse. Poti mzerewo ukukwera, pamwamba pakutsala timipata. Mnzakoyo anayezera kumanja, ake akupyola mzere. Yankho lenileni ndi 8/3, pafupifupi 2.67.

Ine ndimakonda kuyezera pakati: 0.25, 0.75, 1.25 ndi 1.75. Chulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe kuti upeze msinkhu, uphatikize, upeza 5.25. Ukachulukitsa ndi mulifupi, 0.5, mpamene 2.625 akutulukira. Taona kuyandikira kwake! Yesaninso awirinu ndi marekitango 8 owonda, kusiyana kwanuko kutsika kufika pa 1.