Kyle Hines sanasewereko NBA: kodi tinene kuti analephera?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene mumawerenga pano. Funso lake mwachidule ndi ili: "Ndikamaonera basketball ya ku Ulaya ndimaona anyamata ambiri a ku America. Kodi amenewa si aja anakanika ku NBA n'kupita kukatola zotsala kunja? Alipo amene anapangadi dzina kumeneko?"

Achimwene, zikomo pofunsa. Alipo, ndipo ndi ambiri. Koma mawu oti anakanikawo sindikugwirizana nawo, ndiye tiyambire pa masamu. NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasunga osewera 15 pa kontirakiti yokhazikika, kutanthauza malo pafupifupi 450. Pa chisankho cha chaka ndi chaka, chomwe amachitcha draft, amatenga anthu pafupifupi 60 basi, ndipo ena mwa iwo amachokera ku France, Serbia, Canada ndi kwina. Pomwe makoleji a gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji ku America, alipo oposa 350, lililonse ndi timu yake, ndipo chaka chilichonse amatulutsa anyamata odziwa mpira. Khomo ndi lopapatiza kwambiri. Amene watsala kunja nthawi zambiri si kuti mpira sautha, koma kuti thupi lake kapena kaseweredwe kake sikakugwirizana ndi zomwe matimu a NBA akufuna chaka chimenecho.

Munthu amene ndimamutchula anthu akandifunsa zimenezi ndi Kyle Hines. Anabadwa mu 1986 ndipo anakulira ku New Jersey. Anasewera pa yunivesite ya UNC Greensboro kuyambira 2004 mpaka 2008, ndipo pochoka anali atagoletsa mapointi oposa 2,000, atalanda mipira yonjanja pa basiketi koposa ka 1,000, komanso atatchinga mipira yoponyedwa ndi adani koposa ka 300. Amene anakwanitsa zitatu zonsezi ku koleji ndi owerengeka, ndipo m'gulu lawo muli David Robinson, Alonzo Mourning ndi Tim Duncan. Komabe pa draft ya 2008 palibe timu inamutchula. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: Hines ndi wamtali mamita 1.98, koma amasewera senta, malo apansi pa basiketi, pomwe ku NBA amaikapo zimphona zopitirira mamita awiri ndithu. Kwa ofufuza osewera a NBA anali wamfupi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye analowera ku Italy, osati ku timu yotchuka ayi, koma ku Veroli, tauni yaing'ono ya m'mapiri kum'mwera chakum'mawa kwa Rome, mu ligi yachiwiri. Anakhalako masizoni awiri. Mu 2010 anapita ku Bamberg ku Germany, komwe anatenga ligi mu 2011 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana m'ndime yomaliza. Apa m'pamene Olympiacos ya ku Piraeus ku Greece inamuona n'kumutenga.

Pa zaka ziwiri za ku Greecezi ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi zimene zinamusandutsa munthu wina. Mu 2012 Olympiacos inafika mu fainolo ya EuroLeague, chikho chachikulu kwambiri cha makalabu ku Ulaya, mumzinda wa Istanbul. Adani awo anali CSKA Moscow, timu ya ndalama zambiri, yokhala ndi Andrei Kirilenko, Miloš Teodosić ndi Nenad Krstić. M'chigawo chachitatu CSKA inali patsogolo ndi mapointi 19, ndipo ambiri anaona ngati zatha. Anyamata a mphunzitsi Dušan Ivković sanagonje. Anatseka njira zonse, n'kumabweza pang'onopang'ono, mpaka Vassilis Spanoulis anapatsira Georgios Printezis amene anagoletsa kutatsala nthawi yosakwana sekondi imodzi. Zinathera 62-61. Chaka chotsatira ku London, pansi pa mphunzitsi Georgios Bartzokas, anagwetsanso CSKA mu semifainolo, kenako mu fainolo anayamba atatsalira 27-10 kwa Real Madrid koma anapambana 100-88. Zikho ziwiri motsatizana.

CSKA itamenyedwa kawiri inangoganiza zomugula munthuyo. Hines anakhala ku Moscow kuyambira 2013 mpaka 2020, ndipo anatenganso EuroLeague kawiri: mu 2016 ku Berlin pogonjetsa Fenerbahçe m'nthawi yowonjezera, ndi mu 2019 ku Vitoria-Gasteiz pogonjetsa Anadolu Efes. Zikho zinayi. Atachoka kumeneko anabwerera ku Italy, ulendo uno ku Olimpia Milano ya mphunzitsi Ettore Messina, n'kutenga ligi ya dzikolo mu 2022, 2023 ndi 2024, chaka chomwe anapuma. Anasankhidwa katatu kukhala wotchinga bwino kuposa onse mu EuroLeague, mu 2016, 2018 ndi 2022. Masizoni 16 ku Ulaya, osaponda bwalo la NBA pa masewero a ligi ngakhale kamodzi.

Tsono n'chifukwa chiyani munthu wamfupi ku NBA anakhala chimphona ku Ulaya? Chifukwa mpira wake ndi wosiyana. Masewero a ku Ulaya ndi a mphindi 40, osati 48. Ukalakwira kasanu watuluka, pomwe ku NBA ndi kasanu ndi kamodzi. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75 kuchokera pa basiketi, pomwe ku NBA umafika 7.24, ndiye bwalo limapanikizana, mipata imachepa. Wotchinga amaloledwa kuima pansi pa basiketi nthawi yonse imene akufuna, ndipo mpira ukangokhudza mkombero aliyense akhoza kuuchotsapo. Mpira wotere umalemekeza munthu woganiza msanga, wodziwa poima, wolankhula ndi anzake potchinga. Hines anali ndi mphamvu zokankhana ndi amtali, komanso miyendo yopepuka yoti akasinthana munthu ndi mnzake n'kupezeka akutchinga wosewera wamng'ono wothamanga, samudutsa wamba. Sankagoletsa kwambiri. Ntchito yake inali yakuda, ija anthu saiwerenga m'manyuzipepala: kutsekereza mdani kuti mnzake apeze mpata, kudumphira mpira wotayika, kukonza zomwe ena alakwitsa.

Ndipo apa m'pamene anyamata ambiri a ku America amagwera. Munthu amabwera atazolowera kuponya mipira yambirimbiri ku koleji, kenako amapeza mphunzitsi wa ku Serbia kapena ku Greece amene akumupatsa mphindi 18 zokha n'kumukalipira akangosiya dongosolo. Ena sizoni samaliza n'komwe. Ine ndimaona kuti amene amakhalitsa ndi amene avomera kuphunziranso mpira, ngakhale anali odziwika kwawo.

Sindikufuna kukunamizani kuti moyo wake ndi wofewa. M'matimu akuluakulu ndalama zilipo, ndipo mwachizolowezi kalabu imapereka nyumba ndi galimoto, malipiro n'kuwerengedwa msonkho utachotsedwa kale. Koma amenewo ndi a pamwamba. M'maligi ang'onoang'ono kontirakiti imakhala ya sizoni imodzi, malipiro nthawi zina amachedwa miyezi, ndipo maligi ambiri amaika malire pa chiwerengero cha alendo. Mlendoyo amakhala ngati mkamwini pamudzi pa apongozi: ntchito yolemetsa ndi yake, ndipo zinthu zikavuta amene amayamba kulozedwa chala ndi iyeyo. Timu ikagonja katatu motsatizana, foni ya ejenti wake imalira. Onjezerani chilankhulo chachilendo, chisanu cha ku Moscow, Khirisimasi kutali ndi abale, ana kusintha sukulu chaka ndi chaka.

Palinso ndale za mayiko. Russia italowa ku Ukraine mu February 2022, matimu a ku Russia, kuphatikizapo CSKA, anachotsedwa mu EuroLeague, ndipo alendo ambiri anachoka sizoni ili mkati. Mwezi womwewo Brittney Griner, katswiri wa WNBA (ligi ya azimayi ku America) amene ankasewerera UMMC Ekaterinburg ya ku Russia, anamangidwa pa bwalo la ndege ku Moscow ndipo anatulutsidwa mu December posinthanitsa akaidi. Azimayi ambiri a WNBA akhala akupita kunja ligi yawo ikatsekera chifukwa malipiro akwawo anali ochepa poyerekeza ndi a ku Russia, Turkey kapena China. Nkhani imeneyo imandipweteka mtima, chifukwa munthu wopambana chotero sanayenere kusewera chaka chonse osapuma kuti apeze zokwanira.

Ena amafika mpaka potenga unzika. J.R. Holden wa ku Pittsburgh, amenenso sanasewereko NBA, anavala yunifomu ya Russia n'kugoletsa basiketi yomwe inagonjetsa Spain 60-59 mu fainolo ya 2007 ya EuroBasket, mpikisano wa matimu a mayiko a ku Ulaya, ku Madrid komweko. Bo McCalebb wa ku New Orleans anafikitsa Macedonia pa nambala 4 mu EuroBasket ya 2011. Pali anthu amene zimenezi siziwasangalatsa, ndipo ndimawamvetsa, makamaka pasipoti ikaperekedwa kwa munthu amene sanakhalepo m'dzikolo. Koma Holden anali atasewerera CSKA kuyambira 2002, ndipo ine sindimuona ngati mlendo wongodutsa.

Njira ina ndi ya Stephon Marbury, amene anachita kuchokera ku NBA komweko. Anasankhidwa pa nambala 4 mu draft ya 1996, anasewera kawiri All-Star (masewero a akatswiri osankhidwa a NBA), koma zaka zake zomaliza ku New York Knicks zinali za mikangano yokhayokha. Mu 2010 anapita ku China, ndipo ndi Beijing Ducks anatenga ligi mu 2012, 2014 ndi 2015. Ochemerera a ku Beijing anamuimikira chipilala kunja kwa bwalo.

Inde, alipo amene amapita kunja n'kubwerera patangotha chaka, osamvekanso, ndipo mwina ndi ochuluka kuposa amene ndatchulawa. Koma ngati mukufuna kuona ndi maso anu zimene ndikunena za Hines, fufuzani pa YouTube fainolo ya 2016 ya CSKA ndi Fenerbahçe. Kwa mphindi zisanu zokha musatsatire mpira. Muyang'ane nambala 42 wa CSKA: pomwe akuima, nthawi yomwe akusinthana munthu ndi mnzake, ndi momwe akulimbanirana ndi Jan Veselý ndi Ekpe Udoh, omwe onse anasankhidwa pa nambala 6 m'ma draft a NBA ndipo onse amamuposa msinkhu.