Za anyamata ofuna kuphunzirira njinga yamoto pamunda panu

Achemwali, mwafunsa ngati mulole anyamata a kabaza kuti aziphunzitsirana njinga pamunda panu kufupi ndi Luchenza, poti chimanga mwakolola ndipo akuti azikupatsani kangachepe pasabata. Ndaona ambiri akuti landirani ndalamayo. Ine ndikanakana, ndipo chifukwa chake si phokoso kapena fumbi ayi.

Pamene payamba kudutsa njinga pamasanduka njira. Lero aphunzira awiri, mawa mnzawo waona kuti kudzera pamenepo ndi chidule chopita kumsika, mwezi usanathe aliyense akunena kuti "timadzera kwa mayi aja". Tsiku limene mudzaikepo minga kuti mulime, woipa mudzakhala inuyo, ndipo kubwalo kwa amfumu sadzasowa anthu olumbira kuti njirayo ndi yakalekale. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje malo ndi ochepa, nthaka yambiri yabwino inapita ku maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndiye ngakhale mizere iwiri yokha imadanitsa anthu mpaka kumanda.

Komanso mundawo mukuti ndi wanu, koma ngati munausiyiridwa ndi amayi monga zimakhalira kwathu kuno, amalume ndi abale anu aakazi ali ndi mawu pamenepo. Bambo akunyumba, ngati ali pachikamwini, asavomere okha kumowa uko. Nkhani ikadzavuta adzauzidwa kuti malo si awo.

Nanga nandolo munachotsa? Ambirife chimanga chikachoka nandolo amatsala m'munda mpaka chilimwe chitafika pakati. Wophunzira sadziwa kusiya kilatchi pang'onopang'ono, njinga imangodumpha n'kukalowa kumene iye sanafune. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi dothi. Katondo wathuyu akapondedwa mobwerezabwereza amalimba, khasu limachita kudunda, madzi salowa pansi. Mvula ikayamba imatsata m'mene munadutsa matayala, makamaka ngati malowo ali otsetsereka, ndipo kanjira kamasanduka ngalande, ngalande n'kukhala chigwembe. Akalozera ndi vetiva amene munavutika kubzala atha. Tonse tinaona zimene madzi anachita m'minda ya ku Mulanje ndi Phalombe pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndalama ya sabata singabweze dothi lapamwamba likapita kumtsinje wa Thuchila.

Tsono ngozi. Wophunzira ndiye kuti alibe laisensi, ndipo njinga zambiri za kabaza zimayenda zopanda inshulansi, zina zopanda ngakhale nambala. Ikhalepo inshulansiyo, ija yotchipa ya third party imalipira munthu wina amene wagundidwa, osati woyendetsa mwiniyo. Mnyamata akathyoka mwendo, ulendo ndi wa kuchipatala cha boma, zikavuta amutumiza ku Queens ku Blantyre. Thiransipoti, chakudya cha womudikirira, zonsezo abale ake adzayang'ana kwa amene ankalandira ndalama ya bwalo. Mwina kukhoti mukhoza kupulumuka, koma pamudzi mawu akuti "anapwetekera kwa uje" sachoka msanga. Ndipo ana? Ana akamva njinga amathamangira komweko, sathawa. Mbuzi ya aneba ikagundidwa, mlandu ufikiranso pakhomo panu.

Sindikunyoza anyamatawo. Kabaza ndi ntchito, akudyetsa mabanja, ndipo tonse timakwera tikachedwa. Kuli bwino aphunzire kusiyana n'kukayesera pamsewu wa Limbe kupita ku Muloza pakati pa malole. Koma malo ake ndi bwalo lathyathyathya la anthu onse, atapempha kwa amfumu kapena komiti yake, kenako akayezetse ku Road Traffic atenge laisensi.

Ngati mmodzi mwa iwo ndi mwana wa m'banja mwanu ndipo kukana kukukuvutani, lolani iye yekha, pomutchula dzina, osati "ndi anzake". Zikhale m'chilimwe mokha, nandolo atachoka, pamalo amene mwaloza ndi zikhomo, kutali ndi malire ndi nthochi. Chipewa chikhale kumutu, womuphunzitsa akhale munthu wa laisensi, ndipo ana asakhalepo. Kauzeni amfumu pamaso pa amalume, mulembe papepala tsiku loyamba ndi lomaliza, aliyense asaine. Ndalama musalandire, chifukwa wolipira amayamba kuona ngati wagula. Mvula yoyamba ikangogwa tsekani polowera tsiku lomwelo, musadikire kuti amalize sabata.